Vasculitis, kuchipinda ndi mkodzo: alipo wakumana nazo?

Mbiya_Rosettenville:
Abale ndithandizeni maganizo. Anandipeza ndi polyarteritis nodosa (PAN), vasculitis ija yotupitsa mitsempha ya magazi, ndili pa prednisone ndi dripu ya cyclophosphamide. Miyendo yayambako kupepuka koma kuchipinda zinthu sizikuyenda, mavalo akumawawa, mkodzo ukumachedwa kutuluka mwina kumabwera wofiirira, ndiye ndikangodya m'mimba mumapota. Madamu ayamba kuganiza kuti ndili ndi wina kuno ku Joni. Ndi matendawa kapena mankhwala?

NaBanda_Yeoville:
Pepani achimwene. Zitha kukhala zonse ziwiri. Mtsempha ukatupa magazi amadutsa ochepa, ndipo PAN imakonda kugwira mitsempha yopita ku impso, kumatumbo ndi kumavalo komweko, kuwawako madokotala amakudziwa bwino ngati chizindikiro chake. Imaononganso mitsempha yomwe imatumiza uthenga m'thupi, ndiye mphamvu zitha kuchepa, enanso ndi mapilisi a BP omwe amawafooketsa. Koma mkodzo wofiirawo ndi umene wandidetsa nkhawa, cyclophosphamide imapweteka chikhodzodzo mpaka kutulutsa magazi, nchifukwa chake amati muzimwa madzi ambiri, muzikodza pafupipafupi, ena amawapatsa mankhwala a mesna oteteza chikhodzodzo. Musadikire deti ya kiliniki, kanene mawa lomwe.

Che_Jafali:
Aise chonde gondolosi ndi timapilisi tamphamvu tomwe amagulitsa mumsewu ku Hillbrow usayerekeze, sudziwa muli chani ndipo impso zako pano zili pankhondo kale. Dokotala yekha ndiye anganene ngati sildenafil, mankhwala othandiza mphamvu kuchipinda, ikuyenera. Madamu pita nawo ku rheumatology, kiliniki yoona matenda ngati akowa, akamve okha, mawu a dokotala amalowa kuposa ako.

Mai_a_Tadala:
Amuna anga ali ndi Behçet's, mtundu wina wa vasculitis, zilonda m'kamwa ndi kumaliseche, abale anafika potinena kuti ndi matenda opatsirana pogonana pomwe sapatsirana nkomwe, ndiye ululu wa kukayikiridwa ndimaudziwa. Ziwiri bambo. Ngati mukufunabe ana funsani msanga zosunga umuna chifukwa cyclophosphamide imatha kuononga mbewu, ndipo mayi asatenge mimba muli pamankhwalawa. Chachiwiri m'mimbamo, kupota mukadya kutha kutanthauza kuti matumbo sakulandira magazi okwanira, ndipo prednisone imabisa ululu. Mukawawa kwambiri, chimbudzi chikabwera chakuda kapena chamagazi, mkodzo ukatsekeka kapena pakati pa miyendo pakachita dzanzi, thamangani ku casualty usiku womwewo, chipatala cha Charlotte Maxeke muli nacho pafupi.

Mbiya_Rosettenville:
Zikomo nonse. Za prednisone kubisa ululu zandiopsa. Mawa ndipempha off kuntchito, madamu avomera kundiperekeza. Nanga za umunazo ndifunse dokotala yemweyo kapena ndi kwina?