Damu la mwini loji likuchucha kumtunda kwa mudzi wathu, tikadandaule kuti?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Kumtunda kwathu kuno bwana wina anatchinga mtsinje ndi khoma la dothi kuti alendo a pa loji yake azikwera maboti, kusambira ndi kuwedza. Loweruka ndi Lamlungu magalimoto amadzaza, ndipo ana athu ena amapezako maganyu, choncho sitikufuna kuti atseke.

Chikutisowetsa tulo ndi khomalo. Patsinde pake, pomwe kale panali pouma, pakutuluka madzi ofiirira, ndipo sakuleka ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pamwamba pamera mabulugamu, pambali pali chulu chachikulu. Ngalande yomwe madzi amatulukira damu likadzadza anaitseka ndi matumba a mchenga kuti madzi akwere, maboti asamakhule pansi. Kumunsi kwake ndiye kuli nyumba zathu, madimba ndi kamlatho komwe ana amawolokera popita kusukulu. Chionereni zomwe anachita namondwe Freddy mu Marichi 2023, mitambo ikangoda mtima umakhala m'mwamba. Mpanda kulibe, anyamata oweta mbuzi amakasambira mobisa, ndipo alendo amakwera maboti opanda majekete oyandamitsa.

Amfumu anakamuona, iye akuti malowo ndi ake, mapepala a liizi ali nawo. Kodi liizi imamupatsa mphamvu pa mtsinje? Nanga amene amayendera madamu a anthu ndani?

Bambo wogwira ntchito za mithirira: Mayi, damu la dothi lililonse limachucha pang'ono, koma madzi ake amakhala oyera. Akafiira ndiye kuti akukokolola dothi la m'kati mwa khoma, akuboola njira yomwe imakula tsiku ndi tsiku. Tungani m'botolo loyera, muliike pansi usiku wonse. Mukapeza matope akhazikika, musachedwe. Mizu ya mabulugamuwo ikaola imasiya mauna, chiswe chimodzimodzi. Koma choopsa kuposa zonse ndi matumbawo, chifukwa madzi akangodutsa pamwamba pa khoma la dothi amalidya mwachangu mpaka kuligumula. Chonde musakachotse nokha, kapena kudula mitengoyo. Madzi ayenera kutsitsidwa pang'onopang'ono, katswiri ali pomwepo.

Mayi wa ku Lilongwe: Liizi ndi ya nthaka, madzi ali ndi lamulo lawolawo la 2013, Water Resources Act. Wofuna kutchinga mtsinje amayenera kutenga chilolezo ku National Water Resources Authority (NWRA), bungwe la boma loona za madzi. Mufunseni akuonetseni chimenecho. Lembani kalata kwa DC, amfumu adindepo chidindo, ina ipite ku NWRA, ina ku MEPA ya zachilengedwe. Jambulani zithunzi zooneka tsiku, ndipo pokapereka kalata akusayinireni pa yanu yotsala. Zapakamwa zimaiwalika m'maofesimu.

Bambo wokhala ku Nairobi: Musazitenge mopepuka, achemwali. Kuno damu la pa famu ya munthu, Patel Dam ku Solai m'dera la Nakuru, linaphulika usiku wa pa 9 Meyi 2018 kutagwa mvula yambiri. Anthu oposa 40 anafa, kuphatikizapo ana ambiri, ali m'nyumba zawo kumunsi. Podikira boma, khalani pansi ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mugwirizane kothawira kumtunda ndi woimba wezulo usiku.

Mwini funso: Zikomo nonse. Botolo ndatunga madzulo ano, mawa ndiika chithunzi pano. Amfumu avomera kudinda kalata, koma ena akuopa kusayina poti ana awo amagwira ntchito kulojiko. Kodi ikapita ndi dzina la amfumu ndi la komiti yokha, ku boma ailandira? Mvula yayandikira, tikufuna ipite sabata ino.