Mutu wa pini pa mpeni wopinda ukungong'ambika, ndikulakwitsa pati?

MwanaWaKatete:
Akuluakulu muli bwanji. Ndili ndi Okapi yakale (mpeni wopinda) ya agogo anga aamuna, anabwera nayo kuchokera ku Salisbury (Harare ya lero) komwe ankagwira ntchito, manje itafika kwa ine chitsulo chake chinali gwedegwede moti ukamasenda nzimbe chimapita uku ndi uku. Ndinachotsa pini yakale ndi dirilo bwinobwino, ndagula ka brazing rod (kawaya ka bulasi kowotcherera) ka 3 mm kwa ma welder a ku Kalingalinga ku Lusaka nkudula nkulowetsa. Vuto lili pomenya mutu. Kawiri konse mutu wang'ambika m'mbali ngati chimanga chokazinga, ndipo ulendo wachiwiriwu mpeni unalimba moti kutsegula kwake mpaka pulayazi. Thabwa la chogwirira layambanso kamng'alu kakang'ono pafupi ndi bowo ndiye ndaopa ndasiya kaye. Ndikufuna mutu wobulungira bwino ngati mmene unalili. Nyundo yomwe ndili nayo ndi yokhomera misomali chabe.

MudalaWaMatero:
Mwana wanga nyundoyo ikani pansi kaye. Ya misomali nkhope yake ndi yafulati komanso ndi yolemera, imakankha pini yonse kuti ifufume mkati mwa thabwa m'malo moti ifutukuke pamwamba pokha, mng'alu mukuuonawo wachokera pamenepo. Pezani kanyundo ka ball pein kakang'ono, pa msika wa Soweto kapena ku Kamwala simungasowe, muzimenya ndi mbali yobulungirayo.

Chachiwiri ndikukayika kuti munasiya pini yaitali kwambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti chitsulo chikachuluka mutu ukhala wabwino koma ayi, chimangopindika nkung'ambika. Pa pini ya 3 mm siyani 1.5 mm mbali iliyonse, ikatalikitsa 2, ndipo kumapeto kwake mupale ndi fayilo kukhale kwafulati chifukwa pulayazi ikadula imasiya kansonga ngati mlomo wa nkhuku ndipo mukamenya pamenepo mutu umapendekera mbali imodzi. Pansi pake pakhale chitsulo cholimba, ine ndimagwiritsa ntchito kachidutswa ka njanji komwe ndakhala nako zaka zambiri, osati pa thebulo kapena pa simenti. Ndiye mumenye pang'onopang'ono, tii tii tii ngati wokonza wotchi, kuzungulira m'mphepete mwa pini osati pakati, mukamenya kakhumi tembenuzani mumenyenso mbali inayo, kenako yesani kutsegula mpeni. Mubwereze choncho mpaka gwedegwede atha. Dzanja lizigwira ntchito pa mfundo yokha, phewa lisalowepo.

Za kulimba zija, musanayambe kumenya lowetsani kachidutswa ka lezala pakati pa chitsulo cha mpeni ndi chogwirira, pafupi ndi pini. Mukamaliza nkusolola lezalayo pamatsala kampata kokwanira kuti mpeni uziyenda. Kadontho ka oyilo wa mashini osokera basi.

Komanso tayang'anani pa chitsulopo. Ngati palembedwa Germany ndiye ndi yakaledi, zija zinkapangidwa ku Solingen kuyambira 1902, ntchitoyo inasamukira ku South Africa mu 1988. Isamaleni imeneyo.

Jairos_Weld:
Ba mudala anena zoona koma asiya chimodzi, brazing rod ija ndi youma imabwera yolimba kale, ndiye ukamaimenya imalimbirabe mpaka kusweka, bulasi ndi mkuwa khalidwe lake ndi limenelo. Iotche kaye pa mbaula mpaka iyambe kufiira pang'ono, uyang'anire pamthunzi chifukwa padzuwa suona, kenako ponya m'madzi. Sili ngati sitilo yomwe imalimba ukaiviika, iyi imakhala yofewa. Koma usaiwale pamoto isungunuka boss. Otcha isanalowe mu mpeni, ndanena izi chifukwa pali mfana wina anabwera pa shopu atawotcha chogwirira chonse kkkk

AmakeTiza:
Ine sindikonza mipeni koma bambo a kunyumba anangokhoma msomali pa wawo nkuudula, chaka chachitatu chino ukugwirabe ntchito. Zonsezi nzofunikadi?

MudalaWaMatero:
Amake Tiza msomali umagwira inde, ndi chitsulo chofewa ndipo umamenyeka bwino. Koma dikirani dzinja, dzimbiri likalowa limadetsa thabwa mozungulira kukhala bii ndipo mpeni umayamba kulira potsegula. Wa kumunda palibe vuto. Wa agogo ayi.

Ndinaiwala za kubulungiza mutu zomwe mnyamatayu anafunsa. Ukamaliza kumenya mutu umakhala ndi timabala ta nyundo, sungaoneke bwino pompo. Matani masking tape magawo awiri pa chogwirira, boolani kabowo poti mutu wokha utulukire, kuti fayilo kapena sandipepa isakhudze thabwa. Ine ndinapanga kapanchi kanga, ndinatenga bauti yakale nkuiboola pang'ono chabe kumapeto ndi dirilo kuti pakhale kadzenje ngati kambale, mkati mwake ndinasalaza ndi sandipepa. Ukakavundikira pa mutu wa pini nkumenya mopepuka uku ukukazungulitsa ndi zala mutu umatuluka wobulungira. Ena amakamanga pa dirilo nkumazungulitsa, kumakhala kwachangu koma kakaterereka kamalemba chizungulire pa chogwirira chomwe sichifufutika, ine zinandichitikira pa mpeni wa kasitomala wa chogwirira cha fupa, ndinachita kumubwezera ndalama yake ndi manyazi pamwamba. Ndiye ndi magetsi a masiku anowa bola dzanja lomwelo. Mukatero sandipepa ya 600, kenako 1000, pomaliza Brasso pa kansanza.

Jairos_Weld:
Apa ndiye ndisiyana nanu pang'ono mudala. Ine mutu wotumphuka sindiukonda umakola m'thumba nkubowola thalauza. Bola kukulitsa kukamwa kwa bowo pang'ono, pini ifutukukire mmenemo kenako kupala zonse zikhale levulo, chala chikadutsa osamva kanthu

MudalaWaMatero:
Jairos izo zimakhala bwino pamene pini yadutsa pa chitsulo, monga mipeni ija ili ndi zitsulo kumapeto kwa chogwirira. Pa thabwa lokalamba lomwe lili kale ndi mng'alu, pini yofutukukira mkati imakhala ngati chitsulo chowazira nkhuni, ilitsegula. Pamenepo ine ndikanaika kawasha kakang'ono ka bulasi mbali zonse kuti mutu ukhale pa washa osati pa thabwa.

MwanaWaKatete:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayang'ana, palembedwadi Germany ngakhale zilembo zayamba kufufutika. Pini ija ndinasiya pafupifupi 4 mm mbali iliyonse, ndiye mwandigwira. Mng'alu ndathiramo supa gulu nkumanga pa vayisi, Loweruka ndipita mtauni kukafuna ball pein ndi timawasha. Ba mudala kabauti kanu kaja ndi ka saizi yanji?

MudalaWaMatero:
Ka 8 mm, dirilo yake ya 4. Muyesere kaye pa kathabwa kena ndi zotsala za rod ija, mitu isanu kapena isanu ndi umodzi, musanakhudze wa agogo.