Ndigule iti: yopanda ESC, kapena ya ESC koma nyali yake sikuzima?

Moni abale nonse a kuno ku Joni. Ndikupempha nzeru kwa amakaniko ndi inu mwakhalitsa pa chiwongolero.

Ndikufuna galimoto yoyendapo kale yoti mu Disembala ndipite nayo kumudzi ndi mayi a kunyumba ndi ana, kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ku Jules Street ndaona ziwiri. Yotchipa ili ndi ABS yokha, ija yoletsa matayala kumanga ukaponda buleki mwamphamvu. Inayo ili ndi ESC, chipangizo chothandiza kuti galimoto isaterereke, koma nyali yake, ija ya kagalimoto kosiya mizere yokhotakhota, sikuzima ndikaliza injini. Wogulitsa akuti ndisadandaule, ndi kawaya chabe. Mtima wanga sukuvomera. Mvula ya masana ya kuno mukuidziwa momwe imatereretsera msewu wa N1, ndipo ulendowu ndidzanyamula ana ndi katundu wodzaza. Kodi ESC imapulumutsadi, kapena ndi njira yokwezera mtengo?

Yankho la makaniko wa ku Rosettenville:
Achimwene, imapulumutsa. ABS imathandiza mukaponda buleki. ESC siidikira phazi lanu. Imayang'ana komwe mwakhotetsera chiwongolero, liwiro la tayala lililonse, ndi momwe galimoto ikuzungulirira. Ikaona kuti mwalozera kumanzere koma galimoto ikuthawira kwina, imagwira buleki ya tayala limodzi lokha n'kuchepetsa mphamvu ya injini, galimoto n'kubwerera mumzere. Inu muli ndi pedulo imodzi ya matayala onse anayi, zimenezo simungathe. Koma nyali ikayaka osazima, ESC yafa kapena yazimitsidwa. Nyaliyo ikamaphethira muli poterera, ndiye kuti ESC ikugwira ntchito. Nthawi zambiri vuto limakhala sensa ya pa tayala, koma musakhulupirire pakamwa. Aiike pa kompyuta inu mukuona, akonze, muiyendetse, ndiye mupereke ndalama. Akakana, isiyeni.

Yankho la mayi woyendetsa Uber:
Bambo, muonenso dzina, chifukwa ogulitsa ena amasokoneza anthu. Toyota amati VSC, VW amati ESP, Honda VSA, BMW DSC. Chinthu n'chimodzi. Makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz anaibweretsa mu 1995, ndipo mayiko a ku Ulaya a m'bungwe la EU analamula kuti kuyambira Novembala 2014 galimoto yatsopano iliyonse ikhale nayo. Lamulo lotere saika pa chinthu chokongoletsa.

Yankho la dalaivala wa thiraki:
Ngozi zambiri zomwe ndaona pa msewu wa Masvingo zimayamba munthu akazemba ng'ombe kapena dzenje mwadzidzidzi, kenako n'kubweza chiwongolero mopitirira. ESC anaipangira pamenepo. Koma matayala akatha, ilibe pogwira. Komanso osaunjika katundu padenga, amangwetu, ndipo usiku muzigona.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Achimwene a ku Rosettenville, ngati kompyuta ionetsa kuti yafa ndi pampu ya ABS osati sensa, ndikakamize kuti achotsere mtengo, kapena ndingofuna ina?