Gulu la banja: mfuti ya agogo

Amalume (Chilomoni): Mwaswera bwanji nonse. Dzulo tikusuntha katundu kuchipinda kwa malemu bambo tapeza mfuti yawo ija kuseri kwa wadiropu, yokulunga mchiguduli, zipolopolo zili mkabokosi pambali. Pali mkulu wina waku Thyolo ali ndi munda wa nthochi akuti anyani amusowetsa mtendere, akufuna aigule ndalama pamanja. Ine ndimati ndalamayo ipite kuchiliza

Achimwene ku Joni: Amalume gulitsani basi, simenti ikukwera daily

Amayi aang'ono: Mfuti ija ikadalipo?? Ine ndimayesa bambo anakaisiya kumudzi kalekale. Ndiye ana akhala akusewera mchipinda momwemo eti

Achemwali (Bangwe): Mayo ine

Alamu: Pepani akuluakulu ndine mkamwini chabe koma apa ndilankhuleko pang'ono. Mfuti sigulitsidwa ngati njinga. Laisensi yake imakhala ya munthu mmodzi, dzina lake ndi nambala ya mfutiyo zinalembedwa kupolisi, ndiye agogo atatisiya laisensi ija sinasamukire kwa amalume kapena kwa wina aliyense pano ayi. Kunena zoona panopa mnyumbamo muli mfuti yomwe palibe wamoyo ali ndi chilolezo choisunga, ndipo kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Firearms Act, lamulo la 1967 lija, lakale inde koma likugwirabe ntchito

Achimwene ku Joni: Alamu mwayamba zaukhoti 😂 mfuti yake yadzimbiri imene ija

Alamu: Yadzimbiri yomweyo ikakapezeka pa umbava ku Limbe apolisi akawerenga nambala, kaundula awalozera kwa agogo, kenako abwera ku Chilomoni kudzafunsa kuti anaigulitsa ndani. Amalume mudzayankha kuti chani? Kuti kwa mkulu wina wa nthochi?

Amalume (Chilomoni): Mmm. Komatu munthuyo ndi wabwinobwino, mkulu wampingo

Alamu: Ngati ndi wabwino sangavutike kutsata njira. Iyeyo ayambe wakapempha chilolezo kupolisi, amufufuze, anene chomwe akuifunira ndi komwe aziisunga. Akamuvomereza ndipomwe mfuti ingasinthidwe dzina kwa Registrar of Firearms. Wogula akhale ndi pepala lake kaye, ndalama pambuyo. Mukampatsa alibe pepala nonse awiri mwalakwa, wogula ndi wogulitsa yemwe

Amayi aang'ono: Komanso achimwene ndifunse nawo, ndani wanena kuti igulitsidwe? Ameneyo ndi katundu wamasiye, tonse ana tilipo. Osamangopanga zinthu kumbali ngati mmene inayendera wailesi ija

Amalume (Chilomoni): Achemwali za wailesi tinakambirana kale, ndichifukwa chake iyi ndaibweretsa pagulu

Alamu: Amayi akunena zoona, lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kutenga katundu wa malemu mwachisawawa. Wosayina pogulitsa akhale amene ali ndi mapepala oyendetsera chumacho

Achemwali (Bangwe): Mapepala amenewo ndi omwe tikudikira aja, sanatuluke

Achimwene ku Joni: Ndiye chiliza chaima kaye?

Achemwali (Bangwe): Chiliza tisonkha ngati mmene tinagwirizanirana achimwene, inu zanu za mwezi watha sitinazionebe pa Mpamba

Achimwene ku Joni: 🙈 ikubwera weekend

Amayi aang'ono: Ine maganizo anga ichoke mnyumbamo mawa lomwe, kaya igulitsidwa kaya ayi. Mukaisiye kupolisi

Amalume (Chilomoni): Chabwino ndiikulunga mchitenje ndikwera nayo minibasi mmawa

Alamu: Ayi ayi amalume chonde musakwere nayo!! Mukakumana ndi rodibuloko mufotokoza bwanji? Pitani kaye chimanjamanja, mutenge chiphaso chanu chaunzika, kalata ya imfa ya agogo ndi laisensi yawo yakale ngati ikupezeka, mukanene kuti malemu anasiya mfuti. Iwowo ndi amene akuuzeni kabweretsedwe kake kapena abwera okha kudzaitenga. Ndipo akailandira akupatseni kalata yosonyeza nambala yake ndi kuchuluka kwa zipolopolo, muijambule muiponye pano

Achemwali (Bangwe): Laisensi ndikuona ngati ili mu sutikesi yobiriwira ija muli mapepala a penshoni, ndibwera madzulo ndidzafufuze

Amalume (Chilomoni): Nanga wa ku Thyolo uja ndimuuze chani, wandiimbira kale kawiri

Amayi aang'ono: Muuzeni akayambe kupolisi, akabwera ndi pepala tidzakhala pansi tonse tikambirane mtengo

Alamu: Usiku uno chipindacho mukhome, zipolopolo muziike kwina kosiyana ndi mfuti, ndipo wina asaitsegule kuti aone ngati ikugwira ntchito

Amalume (Chilomoni): Kiyi ndasunga ine. Alamu mawa mundiperekeze, inu ndi amene mukuzidziwa izi

Alamu: Ndikupezani 8 koloko pa siteji