Corporate development: ndipite ku kampani yaikulu ya ku America kapena ku yogula makampani ang'onoang'ono?

Akuluakulu apagulu pano, makamaka inu amene muli pa ntchito za M&A (kugula ndi kuphatikiza makampani) kuno ku UK, ndithandizeni nzeru.

Ndili ku London, ndimagwira ntchito ya due diligence ku kampani ina ya ma accountant. Timafufuza mabuku a kampani imene ikugulitsidwa, timalemba lipoti n'kupereka kwa ogula. Lipotilo likangochoka m'manja mwathu, basi, sitimvanso ngati malondawo anapindula kapena anagwa chagada. Zimenezi zandifika m'khosi. Ndikufuna kukhala mbali ya ogula, mu timu ya corporate development, komwe umasaka wekha kampani yoti igulidwe, umawerengera mtengo, umakambirana ndi eni ake, ndipo ukagula umakhalabe nayo.

Ndaitanidwa malo awiri. Oyamba ndi kampani yaikulu ya software ya ku America, ku ofesi yawo ya kuno. Malipiro ndi abwino, pali ma RSU (masheya a kampani amene amakupatsa pang'onopang'ono ukamagwira ntchito), ndipo dzina lake pa CV limatsegula zitseko. Koma mabwana onse a timuyi ali ku California. Pa intavyu nditafunsa kuti a ofesi ya London atsekapo ma deal angati, bambo amene amandifunsayo anayamba kundifotokozera za ma slide amene amakonza osonyeza ma startup a ku Ulaya. Funso langa sanaliyankhe.

Achiwiri ndi kampani ya software ya payroll ndi ma account, eni ake ndi a private equity (amene amagula makampani ndi ndalama za ma investor kuti adzawagulitse ndi phindu). Imagula makampani ang'onoang'ono angapo chaka chilichonse. Timu ndi yochepa, ndizikayankha kwa CFO (mkulu wa za chuma) mwachindunji. Malipiro ndi otsikirapo, ndipo pa udindo wanga kulibe masheya, kuli bonasi yokha.

Chimene chikundiopsa kwa akuluwo n'choti ma deal aakulu akuvuta masiku ano. Adobe inalengeza mu 2022 kuti igula Figma pa madola 20 biliyoni, CMA (bungwe la kuno loona za mpikisano pa malonda) ndi European Commission zinaikira kampeni kumphasa, ndipo mu December 2023 zonse zinalephereka, Adobe n'kulipira 1 biliyoni yothetsera pangano. Microsoft inayamba za Activision Blizzard mu January 2022, inadzamaliza mu October 2023. Munthu wa msinkhu wanga atha kukhala zaka ziwiri pa deal imodzi, mwina osaiona ikutsekedwa. Komanso ndili pa Skilled Worker visa, ntchito ikatha ndili ndi masiku 60 okha oti ndipeze wolemba ntchito wina wondisainira visa. Kumudzi alongo anga awiri ali pasukulu ndipo akudalira ine. Inu mukanatani?

Membala wa ku Toronto: Achimwene, ngati cholinga chanu n'kudziwa ntchito, pitani kwa achiwiriwo. Onani Constellation Software ya kuno. Mark Leonard anaiyambitsa mu 1995, ndipo yagula makampani a software mazanamazana, ambiri aang'ono oti simunawamvepo. Anthu amene adutsa m'makampani a mtundu umenewu amadziwa kukhala pansi ndi mwini bizinesi amene waimanga zaka 20 ndipo akuopa kuti antchito ake achotsedwa. Zimenezo pa Excel simungaziphunzire. Koma dziwiranitu kuti gawo lalikulu la ntchitoyo n'kuimba mafoni ndi kulemba ma email kwa anthu amene sakufuna kugulitsa. Afunseni bwino kuti pa sabata, nthawi yosaka ndi yochuluka bwanji poyerekeza ndi yotseka.

Membala wa ku Manchester: Ine ndikutsutsana nawo pang'ono achimwene a ku Toronto. Nkhani ya visa musaitenge mopepuka. A private equity sagula kuti asunge mpaka kalekale, pakapita zaka zingapo amagulitsa. Mwini watsopano akabwera ndi CFO wake, timu ngati yanuyo imakhala yoyamba kuunikidwa. Funsani kuti fund ya a private equity-wo inagula liti kampaniyo. Ngati papita zaka zinayi kapena zisanu, ndiye kuti mukulowa nyumba ili kale pa msika. Funsaninso za ngongole imene amagulira makampaniwo, chifukwa chiwongola dzanja chitakwera mu 2022 ndi 2023 ambiri anachepetsa kugula.

Mwini funso: Zikomo achemwali, za chaka chimene fund inalowa ndifunsa Lolemba. Komabe akuluwo nawonso si otetezeka kwenikweni. Salesforce inagula Slack pa madola 27.7 biliyoni, koma pofika mu 2023 inachotsa antchito ambiri, ndipo eni masheya ena monga Elliott ataipanikiza, inathetsa komiti ya board yoona za M&A.

Membala wa ku Johannesburg: Mukuganiza zodzabwerera kuno kum'mwera kwa Africa kapena ayi? Ngati eya, ma deal a mabiliyoni kuno sachitika kawirikawiri. Amene amachitika ndi apakati, monga mmene Volaris, nthambi ya Constellation yomweyo, inagulira Adapt IT, kampani ya software ya kuno ku South Africa. Wolemba ntchito kuno adzakufunsani kuti munatsogolerapo deal iti kuchokera pa foni yoyamba mpaka pa siginecha, ndipo munatani kuti makasitomala asathawe mutagula. Dzina la ku California lidzakulowetsani pa intavyu, koma funso limenelo lidzafunsidwabe.

Mwini funso: Maganizo obwerera alipo, ngakhale si posachedwa. Mtima wanga ukukokera kwa achiwiriwo. Chatsala n'chimodzi: alipo pano amene anakambiranapo ndi kampani ya private equity kuti amupatseko kagawo ka masheya a mamanejala ali pa udindo wapansi ngati wanga? Munayamba bwanji nkhaniyo, ndipo munaitchula offer isanabwere kapena itabwera kale?