JCM800, 6505 kapena Dual Rectifier: iti ikuyenera kaimbidwe kati?

Nsambo6: Akuluakulu, ndithandizeni. Gulu lathu limaimba hard rock gitala itachunidwa pa E, komanso nyimbo zina za metal pa drop C (nsambo zitachunidwa motsika) zokhala ndi palm mute (kumenya nsambo chikhatho chitazitsamira) yothamanga. Kodi amp (chokuzira mawu a gitala) imodzi ingakwanitse zonsezi? Ndikuyang'ana Marshall JCM800 2203, Peavey 6505 ndi Mesa Dual Rectifier. Nanga kusiyana kwa EL34 ndi 6L6, ma tube opereka mphamvu mu amp, n'kwakukulu monga anthu amanenera?

Mkoko_wa_Riff: Achimwene, yambani mwaona mmene dzanja lanu limamenyera nsambo, za ma tube zibwere pambuyo. 2203 ili ndi channel imodzi, ma tube aang'ono a ECC83 atatu ndi ma EL34 anayi, ndipo gain yake (mphamvu yokalipitsa mawu) si yambiri. Ubwino wake wagona pomwepo. Mukakhudza nsambo mofatsa mawu amayera, mukamenya mwamphamvu amakalipa, ndipo pa ma chord otsegula nsambo iliyonse imamveka payokha. Pa hard rock simufunanso china. Pa drop C payokha siikwana.

6505, imene inatuluka mu 1992 ikutchedwa 5150, ili ndi ma 6L6 anayi ndi ma watt 120. Palm mute imatuluka yolimba, koma gain ya lead mukaipitiriza pa 5 kapena 6 mukungowonjezera phokoso. Clean yake njosakoma, tisanamizane.

Rectifier ndiyo imapusitsa ambiri. Besi yake ndi yaikulu koma yotayirira, yabwino pa ma riff olemera oyenda pang'onopang'ono. Mukathamanga zonse zimasanduka matope. Kumbuyo kuli switch: sankhani silicon diode ndi Bold. Mukasankha ma tube a 5U4 m'malo mwa silicon diode, amachititsa kuti magetsi agwe pang'ono mukamenya nsambo, zimene zimakoma pa solo koma zimachedwetsa riff.

Greenback25: Ndikuvomereza, koma mwasiya gwero la vutolo. Besi ikalowa yambiri mu preamp isanafike pa gain, ndi imene imasokoneza mawu. N'chifukwa chake anthu amaika pedal ya Tube Screamer pakati pa gitala ndi amp: drive pa 0, level pamapeto, tone pakati. Imachepetsa besi ndi kukweza mid cha pa 720 Hz. Mukatero JCM800 imafika pa thrash bwinobwino, Rectifier nayo imalimba. Noise gate, yodula phokoso mukasiya kumenya nsambo, ibwere pambuyo pa pedal, apo ayi amp imalira pakati pa ma riff. Dziwaninso kuti 2203 yakale ilibe effects loop, malo olumikizirapo ma pedal pambuyo pa preamp, choncho delay imalowa patsogolo n'kumveka yonyansa gain ikakwera.

Za EL34 ndi 6L6 anthu amakokomeza. Master volume ikakhala pansi, pafupifupi distortion yonse ikuchokera mu preamp. Sipika imasintha mawu kwambiri kuposa ma tube amenewo. Sipika ya Vintage 30 imabaya pa mid wam'mwamba, moti gitala siiphimbidwa ndi ng'oma. Greenback ndi yofewa, yoyenera rock, koma iliyonse ndi ma watt 25: zinayi ndi 100, pomwe Marshall ya 100 itatsegulidwa yonse imapitirira pamenepo. Sipika zimapsa.

Nsambo6: Zikomo kwambiri. Ndiye nditenge ya ma watt 50 kuti isasokose?

Waya_ndi_Solder: Isakunamizeni nambalayo, bwana. Pakati pa 50 ndi 100 pali 3 dB basi. Chimene chimasintha n'chakuti ya 50 imayamba kusweka msanga ndipo besi yake imafewa. Pa E n'zabwino, pa drop C mudzafuna ya 100. Kwa inu ndingasankhe 2203 ndi pedal, chifukwa kuwonjezera gain n'kosavuta kuposa kuphunzitsa 6505 kuyera.

Iliyonse mungatenge, musayatse popanda kulumikiza sipika, output transformer imapsa. Ma ohm agwirizane: makabati awiri a 16 olumikizidwa parallel amapanga 8. Gwiritsani chingwe cha sipika, osati cha gitala.

Mukasintha ma EL34 pa Marshall, bias, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi odutsa mu tube, iyenera kuchunidwanso. Malire a EL34 ndi ma watt 25, ndipo ambiri saipitiriza 70 peresenti ikakhala phee, kutanthauza 17.5. Ngati plate, chitsulo cha mkati mwa tube, ili pa 450 V, ndiye pafupifupi 39 mA pa tube iliyonse. Chitsulo cha mkati mwa tube chikayamba kufiira, zimitsani pomwepo. Ntchitoyi ipatseni wodziwa, chifukwa ma capacitor amatha kusunga ma volt oposa 400 ngakhale mutazula pulagi.