Mayi achira titapemphera, ndiye asiye mankhwala a TB?

Nabanda wa ku Mitundu:
Abale ndithandizeni nzeru. Mayi anga anawapeza ndi TB, anafika poti ngakhale phala samameza, kutsokomola usiku onse, thukuta kunyowetsa zofunda mpaka m'mawa uliwonse timachita kuyanika, ife tinali titataya mtima ndithu. Amayi a Chigwirizano amabwera kudzapemphera nawo, ine ndi achemwali tinakagona ku phiri la Bunda kusala kudya. Pano miyezi iwiri yatha akumwa mankhwala, akuyenda okha, dzulo amasesa pakhomo. Ine ndikudziwa kuti ndi Mulungu wachita izi. Koma amalume akuti mapilitsi asiye chifukwa kupitiliza ndiye kukaika Mulungu amene wawachiza. Mtima wanga sukukhazikika.

Mlongo Esnart:
Ambuye alemekezeke achemwali! Inenso mwana wanga anakomoka ndi malungo, manesi anali atagwetsa nkhope, ndinagwada pansi pa bedi pompo kulira kwa Yesu ndipo kukucha anatsegula maso nkupempha madzi. Palibe angandiuze kuti pemphero siligwira ntchito. Komatu dripi ija sindinaichotse ayi, ndimapemphera iyo ikudontha.

Wazaumoyo:
Chonde chonde asasiye. Mankhwala a TB amamwa miyezi 6, iwiri yoyambayo munthu amaona kusintha kwambiri, chilakolako cha chakudya chimabwerera, ndiye apa mpamene ambiri amanamizika kuti achira pomwe tizilombo tina tikadalimo m'mapapomo. Akasiyira panjira matenda amabwereranso ndipo mwina amabwera osamvanso mankhwala aja, imene timati MDR ija, chithandizo chake nchovuta, komanso atha kupatsira ana m'nyumbamo. Pitani nawo kuchipatala akayezetsenso makhololo pa tsiku lomwe anawalembera pa kadi.

Agogo Phiri:
Mwana wanga, amalume akowo ukawawerengere 2 Mafumu 20 mwaulemu. Hezekiya analira, Mulungu anamva nkumuonjezera zaka 15, koma Yesaya yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu aike pa chithupsacho. Kodi Yesaya analibe chikhulupiriro? Ife tinaona mu 1995 anthu akukhamukira ku Machinga kwa a Chisupe kukamwa mchape ati uchiza Edzi, magalimoto kudzadza, ambiri mwa anzathu amene anapita tinawaika m'manda ndi manja athuwa. Zimandiwawa mpaka lero. Mayi akowo Mulungu wawadzutsa zoona, amwe mpaka pilitsi lomaliza.

Nabanda wa ku Mitundu:
Zikomo nonse, mwandilimbitsa mtima. Amalume sindingalimbane nawo ndekha, ndipempha a mkulu wampingo akawalankhule Lamulungu tikaweruka. Mankhwala ndiziwapatsa ndekha m'mawa uliwonse. Agogo muziwakumbukirabe m'mapemphero, miyendo ikumawalemerabe madzulo.